Ana Amene Tinawabisa M'chigafa

Usiku wathawu ndinalota, a Zakeyo, ndipo musayambe kuseka, chifukwa inunso munalimo. A Nasibeko, tulani kaye dengulo mukhale apa. Msonkhano ndi wa 9 koloko, nthawi ikadalipo. Mundimve mpaka kumapeto, kenako aliyense aone chimene akachite.

Koma ndiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa, kuti wina asadzanene kuti Lufeyo wayamba misala. Mu Sepitembala, sukulu itangotsegulidwa, kunabwera uthenga woti alendo a ku ofesi ya maphunziro adzayesa ana a Sitandade 3 kuwerenga. Ife atatu a komiti ya sukulu tinati, alendo akamabwera pakhomo mbale zobooka timabisa. Ine ndinakaima pamphambano m'mawa ndi buku langa la nyimbo, mwana aliyense wodutsa ndimamutsegulira tsamba. Wowerenga, pita kusukulu. Wongoyang'ana, khotera uku. Ana 33 tinawakhazika m'chigafa chanu cha fodya, a Zakeyo. A Nasibeko munawagawira nzimbe, ine n'kuwauza kuti alendowo abwera ndi jekeseni. Mwa anawo munali Jenala, mwana wanga yemwe. Aphunzitsi awo, Mayi Kamphinda, sanadziwe kanthu, iwo anangoti mwina ana ajomba chifukwa linali tsiku la msika. Kalasi inakhoza bwino, ife tinawomba m'manja.

Sitinadziwe kuti amenewo anali mayeso oyamba chabe. Mwezi wathawu alendo aja abweranso osatiuza, ayesa ana onse, ndi a m'chigafa omwe. Akuti iwo sayang'ana kukhoza kokha ayi, amayang'ana kuti kuchokera pamene ana anayambira, akwera bwanji. Ndiye pa pepala kalasi ya Mayi Kamphinda yatsika. Akuti ndi mphunzitsi wobweza ana m'mbuyo. Lero pamsonkhanowu alendowo akudzadinda kalata yowasamutsira kuseri kwa phiri kuja, kumene kulibe chipatala, pamene mwana wawo uja ndi wa mphumu. A hedi anandiuza dzana kuti, "A Lufeyo, za chigafa zija zifere m'mimba, tingachititse manyazi sukulu." Ine ndinavomera. Ndiye dzulo ndinagona.

Ndinangoona ndili pamphambano pomwe paja, dzuwa likungotuluka kumene, buku la nyimbo lili m'manja. Koma ana kulibe. Njira zonse zitatu zili mbee. Ndikati nditsegule bukulo, masamba agwirana ngati alowa madzi. Kenako bukulo linatsokomola.

"Lufeyo," linatero, mawu ake ngati a mkulu wa mpingo. "Unandigula kuti uziimba. Unandisandutsa liti lichero lopetera ana?"

"Pepani," ndinatero. Tangoganizani, munthu wamkulu kupepesa buku.

"Usapepese ine. Yang'ana kumwamba."

Ndinayang'ana. Dzuwa linali likukwera moonekeratu ndi maso, ngati munthu akukwera makwerero, kuponda apa, kuponda apo. Mwadzidzidzi ndinamva chinthu chikugubuduka m'njira. Inali limu ija timamenya kusukulu, yachoka yokha pamtengo wa mango, ikubwera ndi chingwe chake chikukwekwereka kumbuyo. Itafika pa ine inazungulira kawiri.

"Ngo!" inatero. "Dzuwa likafika paliwombo, adinda. Ngo! Dzuwa likafika paliwombo, adinda."

Ndiye inatembenuka, ine n'kumaitsatira ndikuthamanga, sindinapondeponde n'komwe, ndili kale pabwalo la sukulu.

Pansi pa mtengo wa mango panali tebulo. Panakhala bambo wa tayi yofiira uja anabwera mu Sepitembala, pambali pake mayi uja amanyamula kompyuta. A hedi akuthamangathamanga ndi mipando. Zonse zili bwinobwino ngati masiku onse. Ndiye bamboyo cholembera chinamugwa. Atawerama kuti atole, jekete inang'ambika kumsana, pwee, n'kutuluka minga, minga, minga, uliwonse cholembera chofiira. Pamene amadzuka anali nungu, koma tayi ikadali m'khosi. Mayi uja khosi linayamba kutalika, zovala zonse kuyera, mwendo umodzi kuupinda m'mimba. Kakowa. Anayamba kujompha kompyuta ndi mlomo, to, to, to. A hedi anasenza mpando wina kumsana kuti apereke kwa alendo, mpandowo n'kukanirira pomwepo, iwo kugwa chafufumimba, manja kufupika. Kamba. Palibe amene anadabwa. Inenso ndinavula chipewa n'kupereka moni.

"Mwadzuka bwanji, bwana?"

"Tadzuka molingana ndi pepala," anatero nungu. "Khalani pansi, bambo a komiti."

Pakati pabwalo anali atazika nsungwi ziwiri. Ina yaitali kupitirira denga la sukulu, yolembedwa Sepitembala. Ina yofika m'chiuno basi, yolembedwa Juni. Pakati pa ziwirizo panaima Mayi Kamphinda, manja ali mbuu ndi choko, chitenje chawo chobiriwira chija. Iwo okha ndi amene anali akadali munthu.

Pamene ndimadutsa pafupi, nsungwi yaitali ija inawerama pang'ono n'kundinong'oneza.

"Lufeyo, ine sindine wamtali chonchi. Unandikoka khosi ndiwe. Msana ukundipweteka, ndibwezere."

Ndinachita ngati sindinamve, ndinakakhala pabenchi.

Ndiye nungu anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, anayang'ana nsungwi yaitali, anayang'ana yaifupi, anazula munga umodzi kumsana kwake n'kuchonga m'mwamba, mumphepo momwemo. Chizindikiro chofiira chinatsala chili lende.

"Kutsika!" anatero.

"Kutsika," anavomera kakowa, to, to.

Mwadzidzidzi chitseko cha nyumba ya aphunzitsi chinatseguka, matiresi a Mayi Kamphinda n'kutuluka akuyenda okha. Anadutsa pakati pathu atawerama, akuti, "Zikomo, zikomo, tidutse nawo," mpaka kukakwera pangolo imene inaima pafupi ndi mjigo. Ngolo yopanda ng'ombe, koma ikupuma, ikupalasa pansi ndi matayala.

"Kutsika!" Munga wina. Inatuluka ndowa, ikudontha misozi pamalo pobooka. "Kutsika!" Inatuluka mbaula, makala akadali moto. Mpando, nsalu ya pazenera, kabokosi ka mabuku. Chilichonse chikamadutsa chimandiyang'ana ine, osati nungu ayi, ine.

Ndinakweza dzanja. Sindikunama, a Nasibeko, ndinakweza.

"Bambo a komiti ali ndi mawu," anatero nungu. "Tikumva."

Ndinatsegula pakamwa. Munali nzimbe. Nzimbe zotafunatafuna zija timalavula, zadzaza m'kamwa mpaka kukhosi. Ndikalavula, zina zikubwera. Ndikalavula, zina zikubwera. Kamba anakwawa mpaka paphazi langa, anatulutsa mutu pang'ono.

"Mezani, a Lufeyo," anatero ndi mawu a a hedi enieni. "Mezani. Si zotsekemera kodi? Taganizani dzina la sukulu." Mutu n'kubwezanso mkati.

"Alibe mawu," anatero nungu. "Lembani kuti komiti yagwirizana nazo."

To, to, to.

Ndiye ndinamva wina akuti, "Psii. Iwe." Linali bolodi la Sitandade 3, lotsamira kuseri kwa mtengo, lija lili ndi mng'alu pakona.

"Pakamwa pakakana, miyendo ilipo," linatero bolodi. "Katenge ana. Ine ndimawadziwa onse 33, ndi amene amandiyang'ana nthawi yaitali kuposa anzawo. Thamanga, taona chithunzithunzi chako."

Ndinayang'ana pansi. Chithunzithunzi changa chinali chitafupika kale, chatsala ngati mkono umodzi.

Ndinathamangira njinga yanga, imene ndinaitsamiritsa pa mpanda. Nditangogwira handulo inalumpha chammbali ngati mbuzi.

"Usandikhudze," inatero. "Tsiku lija ndinanyamula mitolo iwiri ya nzimbe, masipoko atatu anaduka, mpaka lero sunandikonze. Ine ndine mboni. Mboni sinyamula wolakwa."

"Chonde, nthawi yatha."

"Ndiye werama."

Ndinawerama, njinga n'kundikwera ine. Ee, a Zakeyo, sekani, koma inali yolemera. Ndinathamanga nayo kumsana, iyo ikundiimbira belu m'khutu, ikundikhotetsa ndi makutu omwewo. Njira ya kuchigafa kwanu tonse tikuidziwa, n'pafupi, munthu umafika fodya wa m'kamwa asanathe. Koma kutuloko ndikathamanga, mtengo wa mkuyu uja ndaudutsa, ndikupezanso uli kutsogolo. Ndaudutsa, uli kutsogolo. Katatu konse. Limu ikugubuduka pambali panga, "Ngo! Paliwombo! Ngo! Paliwombo!" Nditafika, njinga inatsika yokha n'kukagona pamthunzi.

Pachigafa ndinapeza inu, a Zakeyo. Chigafa chanu chilibe khoma, aliyense akudziwa, mphepo imangolowa n'kutuluka. Koma inu munali mutapachika loko wamkulu ngati mutu wa ng'ombe, pamalo popanda chitseko, mwaima pambali pake manja kumbuyo ngati mlonda.

"Alamu," munatero, "fodya uyu sanaume. Mukamutsitsa lero atipatsa giredi yoipa tonse."

Ine ndikulozaloza dzuwa, pakamwa podzaza.

"Dzuwa si lanu, alamu. Mayiyo ndi mlendo, abwera wina. Ife ndi a pano, tidzayang'anana bwanji ndi anthu kutchalitchi?"

Ndinaima pamenepo nthawi, ndikuopa loko. Kenako ndinangolambalala pambali pake n'kulowa. Loko anatukwana, koma sanathe kunditsatira.

Mkatimo, anthuni. Ana onse 33 anali atapachikidwa pa mikangala, timitengo toyanikira tija, ngati masamba a fodya, awiriawiri, osokedwa m'makolala a yunifomu. Mizere mizere mpaka kudenga. Sanali kulira ayi. Mphepo ikawomba amagwedezeka, n'kumamveka kaphokoso ngati ka masamba ouma, koma nditatchera khutu ndinamva kuti akuti, "Ba, be, bi, bo, bu. Cha, che, chi, cho, chu." Chikhalire cha Sepitembala ali mmenemo, akuphunzira okha mumthunzi. Inu a Nasibeko munali pamwamba pa mtanda, miyendo lende, mukudula nzimbe ndi mpeni osapuma.

"Apatseni zina asalire," mumatero. "Apatseni zina asalire." Pansi nzimbe zafika m'mawondo.

Ndinayamba kukoka mkangala woyamba kuti nditsitse ana. Onse anakuwa pamodzi.

"Ayi! Kuli jekeseni! Kuli jekeseni!"

Akugwira mikangala zolimba, ena akukwera m'mwamba. Ndiye pamzere wapamwamba penipeni ndinaona Jenala, kadiresi kake kong'ambika paphewa kaja. Anandiyang'ana pansi.

"Ababa, a jekeseni apita?"

Apo nzimbe zinasuntha pang'ono m'kamwa, panapezeka kampata koti mawu adutse, ochepa.

"Kunalibe jekeseni, mwanawe."

"Nanga tinabisaliranji?"

"Ndimaopa kuti mutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Mphepo inaleka. Ngakhale mpeni wa a Nasibeko unaima.

"Ndi ine ndemwe, ababa?"

"Ndi iwe wemwe."

Ndiye ulusi unayamba kuduka wokha, ana kugwa mmodzimmodzi ngati mango akupsa, phu, phu, phu, pa nzimbe paja. Jenala anagwa pomaliza. Sanalire. Anangosasa diresi lake, osandiyang'ana, n'kutsogola. Anzake pambuyo pake, mzere umodzi, ine kumapeto ngati mbuzi yotsalira. Pamene timatuluka, chithunzithunzi changa chinali chitatsala ngati mbale pansi pa mapazi.

Mwadzidzidzi tili pabwalo la sukulu. Nyumba ya aphunzitsi inali itatha yonse, ndi chitseko chomwe chakwera pangolo, ndi mazenera omwe. Pamwamba pa katunduyo panakhala kamwana ka Mayi Kamphinda, chifuwa chikulira ngati wezulo wa mpira, fyii, fyii. M'mwamba monse munali mutadzaza zizindikiro zofiira zija, zili lende ngati mileme. Nungu kumsana kwatsala munga umodzi wokha.

Ndinawandandalika anawo patsogolo pa tebulo, ndikuloza ndi manja onse awiri. Kakowa anapendeketsa mutu, anayang'ana ndi diso limodzi, anatembenuka n'kuyang'ana ndi linalo.

"Ndikuona fumbi," anatero.

"Ndi ana!" linakuwa bolodi kuseri kwa mtengo. "Afunseni!"

Jenala anasendera pafupi. Kompyuta inayatsa nkhope yake n'kulankhula, mawu ake opanda mchere.

"Dzina?"

"Jenala."

"Mu Sepitembala unali kuti?"

"M'chigafa."

"Muno mulibe malo olemba chigafa. Mu Juni ndinakuona, unakokera anzako pansi. Mu Sepitembala kunalibe iwe. Wopanda poyambira sakwera. Wotsatira."

A Zakeyo, inu mukumudziwa mwana ameneyu. Mu Sepitembala chilembo cha "a" amachitchula kuti kamphika ka chogwirira. Mayi Kamphinda ndi amene amamukhazika pakhonde pawo anzake ataweruka, tsiku ndi tsiku, mpaka mvula inayamba n'kutha. Ndiye kutuloko mwanayo anangotembenuka n'kuyamba kuwerenga chilichonse chimene chinali pabwalopo. Anawerenga bolodi. Anawerenga nsungwi zonse ziwiri. Anawerenga mawu a pa ndowa, a pa mjigo, mpaka kachikwangwani kakang'ono ka kuseri kwa tayi ya nungu. Anzake 32 akumuyankhira kumbuyo ngati kwaya. Nsungwi yaifupi ya Juni inayamba kunjenjemera, ikufuna kukula, koma yaitali ija yaiphimba.

Nungu anamvetsera mpaka kumapeto. Sanali wankhanza ayi, ndinene zoona. Anakanda pamphuno n'kunena mofatsa.

"Akuwerenga bwino. Koma ife sitidana ndi munthu, bambo a komiti. Ife timangofunsa nsungwi. Ngati ina mwa izo yanama, wodziwa atiuze, tikonza. Ngati palibe wotiuza, ndiye kuti sizinaname."

Anazula munga womaliza, kumsana kunatsala ngati nkhuku yososoledwa. "Kutsika."

Ndiye kakowa anatsegula chikwama, munatuluka chidindo. Poyamba kanali kakang'ono ngati mbewa. Kanapita pa botolo la inki n'kumwa, kumwa, kumwa. Kanakula ngati mtondo. Kanamwanso, chinakula ngati chulu, chikupuma, fuu, fuu, pansi pake pakuda bii. Kalata yosamutsa aphunzitsi anaiyala pansi, inatambasuka mpaka kukwana bwalo lonse la mpira wa manja, tonse tinapezeka taima pamwamba pake. Chidindo chinakwera m'mwamba n'kuima pansi pa dzuwa penipeni. Kunachita mdima wa mthunzi wake, masana onsewo.

Chinalankhula ngati abusa akamalengeza ukwati.

"Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa kuti mayi uyu asamuke, anene tsopano. Kulengeza koyamba."

Chinatsika pang'ono. Ine ndikulimbana ndi nzimbe. Kamba wandiluma chala cha kuphazi, akuti, "Phee, a Lufeyo, phee, zitha posachedwa."

"Kulengeza kwachiwiri."

Chinatsikanso, mpaka kukhudza nsonga ya nsungwi yaitali. Ndiye Mayi Kamphinda anachoka pamene anaima paja n'kubwera kwa ine. Ndinati basi, andiloza chala, zathera pano, ndipo mumtima ndinati bola atero. Koma ayi. Anagwada pang'ono monga amachitira, n'kundipatsa kabuku ndi manja awiri.

"Bambo a Jenala," anatero, "kabuku aka asamakasiye. Wafika patsamba 19. Madzulo muzimumvetsera, ngakhale pamene simukutsatira muzingogwedeza mutu, ana amafuna womvetsera. Ndipo mundipepesere kwa makolo onse kuti ndawabwezera ana m'mbuyo. Ine ndimayesa ngati tikupita kutsogolo."

A Nasibeko, akanandimenya mbama zikanakhala bwino.

Ndinalowetsa dzanja lonse m'kamwa, ndinagwira nzimbe zija n'kuyamba kukoka. Zinatuluka ngati chingwe, mkono umodzi, mikono iwiri, mikono khumi, zikundikala kukhosi, misozi ili chuchuchu. Ndikukoka, ndikukoka, mpaka kumapeto kwake kunamveka kuti thu, pakamwa pali pululu. Ndinakoka mpweya, ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse.

Mawu sanamveke. M'malo mwake munagwa zilembo. Zoyera, za choko, zinatuluka m'kamwa mwanga n'kugwera pakalata paja, n'kudzindandalika zokha mzere umodzi.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa nungu.

Ndikuloza kuti werengani, bwana, werengani.

"Ife timawerenga manambala okha," anatero.

Kakowa anajompha chilembo chimodzi n'kulavula. Kamba anayamba kukwawa kuti akazikhalire. Ine mwini wake ndinawerama kuti ndiwerenge, koma mukudziwa, sukulu ndinasiyira Sitandade 4, ndipo mtima ukamagunda zilembo zimandivinira m'maso. Komanso ndikawerenga nditulutsa ndi pakamwa pati?

"Kulengeza kwachitatu, komaliza."

Ndiye Jenala anamukankha kamba ndi phazi, anagwada, anaika chala pansi pa chilembo choyamba, monga amachitira pakhonde paja.

"Ndi..." anatero. "Ndi... ne."

Chidindo chinathyola nsungwi yaitali, khwa, n'kumabwera. Ndinathamangira pakati, ndinaika msana. Chinanditera ngati belo la fodya, ayi, mabelo asanu. Inki yozizira ikutsika m'khosi, ikulowa m'malaya. Mawondo anayamba kupinda.

"Ndi... na..."

Ndinayang'ana kumpanda. Inu awiri munali pomwepo, mwatsamira, mukutafuna. Ndinakukodolani ndi mutu kuti bwerani, gwirani mbali inayi. A Zakeyo munayang'ana nsapato zanu. A Nasibeko munasuntha phazi limodzi, kenako n'kuima. Sindikudziwa ngati munabwera, maso anali atadzaza inki.

"...bi..."

Bondo limodzi linafika pansi. Ngolo inayamba kusuntha, kamwana kaja fyii, fyii. Limu inaima pakati pabwalo n'kukoka mpweya kuti ilire. Pansi pa mapazi anga chithunzithunzi chinali chitatheratu. Mumtima ndikukuwa kuti fulumira mwanawe, fulumira, ndipo kaya anandimva bwanji, Mayi Kamphinda anandigwira paphewa.

"Musamufulumize," anatero. "Musiyeni. Afika."

"...sa," anatero Jenala. "Ndi-ne ndi-na-bi-sa. A..."

Nungu anatchera khutu. Kakowa anatsitsa mwendo wachiwiri uja. Msana wanga unalira kuti tswa, chipumi chatsala pang'ono kugunda kalata, ndipo mawu a mwanayo akupitirirabe, pang'onopang'ono, osathamanga, chilembo ndi chilembo. Koma ndinamva kuti asintha. Sakunenanso zanga zija.

"Mso... nkha... no. Msonkhano wa ko... mi... ti."

Ndinatsegula maso. Denga langa lomwe lija la udzu. M'khosi muli chinyezi, osati inki koma thukuta, pamene kunja kuli chisanu cha Julayi. Kuseri kwa nyumba mayi ake a Jenala akusesa, tsache likuti swe, swe. Ndipo pakhonde, pafupi ndi chitseko, mawu aja akupitirira.

Ndinatuluka. Jenala wakhala pa thumba, wafunda chitenje cha amake, buku langa la nyimbo lili pamwendo. Wapeza kalata yoitanira msonkhano wa lero, imene ndinaibisa mkati mwake dzana osaimaliza kuwerenga. Chala chili pansi pa mzere womaliza.

"A-li-ye-nse... wo-khala ndi ma-wu... a-dza-pa-tsi-dwa mpa-ta." Anadzutsa mutu. "Ababa, inu muli nawo mawu?"

Ndinayendetsa lilime m'kamwa monse, a Zakeyo, uku ndi uku. Munalibe nzimbe.

Bukulo ndi ili ndanyamula, alendo akalione okha lichero lathu. Tamverani, limu ija yalira.